Nyimbo ya Adadi Ikuthamanga

LACHIWIRI

Piret 09:12
adadi mbale ya nyimbo ija yafika? ndamuika muno Kaspar, mnyamata wa kampani yomwe yatulutsa nyimbo zanu. musatukwane plz

Valdur 09:40
Yafika. Ndamvera. Si ife amenewa.

Kaspar 09:41
mwadzuka bwanji bambo Valdur. ndi inu ndithu, gulu la Roostevesi, tepi ya 1977 ija tinaipeza m'katoni ku Viljandi. pabokosi palembedwa Valdur pa piyano, malemu Arvo pa ng'oma

Valdur 09:47
Dzina ndi langa. Zala si zanga. Nyimbo zikuthamanga ngati zaba nkhuku.

Piret 09:48
adadi chonde

Valdur 09:55
[mawu 0:48] Tamvera mwana iwe Kaspar. Tinajambulira mu holo ya kolkhozi, famu ya boma ija, mu Januwale, mbaula itafa. Tinkaimba titavala majasi. Makina a tepi anazizidwa, ankazungulira mwaulesi. Inuyo mwatenga tepiyo mwaika pa makina anu onenepa bwino, basi zonse zathamanga. Sula ija ndi nyimbo yoyenda mwakachetechete, ya chipale chofewa chikamasungunuka padenga. Mwaisandutsa mpikisano wa akavalo.

Piret 10:20
Kaspar uliko?

Kaspar 10:58
ndafunsa amene anasamutsa tepi. akuti ndi zotheka. koma mbale zadindidwa kale zonse, zina zili ku Japan ndi ku Germany

Kaspar 10:59
ndiye chomwe anthu aikondera ndi speed yomweyo bambo 🙏

Valdur 11:03
Akonda makina ozizidwa. Akaitane makinawo ku konsati yanu ya Loweruka ija adzawaimbire.

Piret 11:04
zaka zonsezi mwatitopetsa kuti dziko linakuiwalani. lero akukumbukani, mwayamba zoti akukumbukani molakwika??

Valdur 11:05
Eya.

Kaspar 11:10
anyamata odzaimba nanu ku Tallinn aphunzira Sula kuchokera pa mbale. matikiti anatha

Valdur 11:14
Ndibwera. Ndikwera pa siteji, nditenga maikolofoni, ndiwauza onse kuti mbaleyi ndi bodza. Kenako ndikwera basi yanga.

Kaspar 11:14
bambo chonde tikambirane kaye

Kaspar 11:31
[mwaimba, sanayankhe]

Piret 12:02
usavutike Kaspar, apita kukawotha nthunzi ku sauna. akakwiya amatero, foni amaisiya mu jekete

LACHITATU

Kaspar 08:30
bambo Valdur, bwanji tidzatulutse yokonzedwa chaka chamawa?

Valdur 13:16
Ndili ndi zaka 79. Chaka chamawa udzakambirane ndi abusa.

Piret 13:17
kkkk ayi sindikuseka. ndatopa nanu adadi, ndatopa zenizeni

LACHINAYI

Piret 14:05
ndachokera kwa anti Helju, akazi a malemu Arvo. adula nkhani ya mu nyuzipepala yokamba za mbaleyi aimata pa firiji. "manja a Arvo anali mphezi"

Valdur 14:22
Mphezi? Arvo? Munthu amene ankachedwa pa nyimbo iliyonse? Ine ndinkachita kumutembenukira ndi kumutuzulira maso kuti afike. Ngakhale pa ukwati wake tinamudikira.

Piret 14:23
ndikudziwa. tangomverani ici

Piret 14:23
[mawu otumizidwa, a Helju 0:39] Piret mwanawe, uwauze bambo ako ndagula diresi. Adzukulu onse akubwera, ndi uja wa ku Finland yemwe. Anawa agogo awo anawadziwa ali pa ndodo, akungogona pa mpando TV ili chiyakire. Ndikawauza kuti anali woimba ankangoti eee agogo. Pano mbale ija akuiliza tsiku lonse, wamng'ono uja akuguguda mapoto anga akuti iye ndi Arvo. Ine ndangokhala pano ndikulira ngati chitsiru.

Valdur 14:41
Wawauza za makina?

Piret 14:41
ayi. mukawauza nokha Loweruka pa maikolofoni. akhala mzere woyamba

Piret 15:30
adadi

Piret 17:02
mwawerenga, ndikuona zizindikiro ziwirizo

LACHISANU

Kaspar 09:05
Piret ndilengeze kuti sabwera? bola holo ikwiye kusiyana ndi za pa maikolofoni zija

Piret 09:09
sindikudziwa. sakundiyankha

Piret 11:36
adadi, a Leida oyandikana nanu aja andiimbira. akuti mukuguguda piyano chiyambire m'mawa mpaka galu wawo wathawira m'khola la nkhuni. muli bwinobwino??

Valdur 12:10
Leida asamale za galu wake.

Valdur 12:12
Kaspar. Uwauze anyamata ako asachepetse liwiro. Monga ilili pa mbale.

Kaspar 12:12
zoona bambo??? nanga za maikolofoni zija

Valdur 12:15
Maikolofoni upatse Helju. Ine usandiyandikizire, pakamwa panga sindikupakhulupirira.

Piret 12:16
koma zala zanu ndi nyamakazi ija. dzana munalephera kutsegula botolo la jamu

Valdur 12:19
Ndikuziviika m'madzi otentha, ndiimba, ndiviikanso. Ngakhale ndili mnyamata sindinaimbepo chonchi. Palibe anaimbapo chonchi.

Kaspar 12:20
titha kutsitsako pang'ono, palibe angazindikire

Valdur 12:21
Kamdzukulu ka mapoto kaja kazindikira. Usanditayitse nthawi.

Piret 12:22
ndibwera kudzakutengani pa galimoto, basi musakwere. ndikubweretsereni cani?

Piret 13:48
adadi?

Valdur 15:07
[mawu 1:12] (piyano ikuthamanga, yaphonya, yayambiranso, yaphonyanso pomwepo) Aaa! Arvo, mbuzi iwe. Moyo wonse ndinkakudikira ine. Lero wagona phee ku manda, ndiye nkhalamba ine ndizikuthamangira? Chabwino. Werenga wani, thu, firii, tiyambirenso.