Ndinagwetsera Bwenzi Langa m'Dengu la Matimati

Aphungu,

Ndikulemba uku ndikuseka ndekha, komatu zinthu zandithina. Ndine mtsikana wa ku Dedza, ku Malawi. Ndinabwera kuno ku Lusaka kudzaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina, ndipo ndimakhala ku Kabwata m'nyumba ya mayi wina wamasiye, Ba Regina.

Chaka chatha aphunzitsi anzanga ananditengera ku kanema wa nkhonya za Chitchaina. Ndinatuluka mutu utazungulira, ndipo ndinalumbira kuti ndiphunzira ndewu imeneyi pamodzi ndi chilankhulo chake. Ku kalabu ina ya karate ku Woodlands anandibweza pakhomo, ati akazi salowa. Ku Chelstone ndinapeza mkulu wina wodzitcha katswiri, koma pondionetsa kadumphidwe anagwera pa mpanda wa eni ake n'kubzungunyuka bondo.

Mwayi unandipeza ku Kamwala, m'sitolo ya nsalu. Munali bambo wachikulire wa ku China akuvutika kufotokoza kuti akufuna singano ndi ulusi, ine n'kuwathandiza. Dzina lawo ndi a Liang, ndipo amaphikira anzawo omanga msewu. Tinagwirizana, makamaka polankhula ndi manja, kuti Loweruka masana ndiziwaphunzitsa Chingerezi kuseri kwa khitchini yawo, iwo azindiphunzitsa chilankhulo chakwawo ndi ndewu ija, pakuti amaidziwa bwino.

Poyamba ankangondiimika nditapinda mawondo ngati ndakhala pampando, mpaka miyendo kunjenjemera. Pano munthu akandigwira ndimatha kumupotoza mkono. Nacho Chitchaina n'chokoma zedi. Liwu limasintha tanthauzo ukalikweza kapena kulitsitsa, monga ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. M'basi ndimangopezeka ndikuwerenga manambala mokweza, anthu n'kumandiyang'ana.

Vuto ndi ili. Ndili pa chibwenzi ndi a Gilson, kalaliki wofatsa wa ku Katete, ndipo amalume akubwera pa Khirisimasi kudzakumana ndi ankhoswe awo. A Gilson ankadziwa za chilankhulo chokha. Sabata yatha ndikugula ndiwo pa msika wa Kabwata, iwo anandizembera kumbuyo n'kunditseka maso mwanthabwala. Thupi linachita lokha. Potembenuka ndinapeza ali khale m'dengu la matimati, suti yonse psuu. Mayi wogulitsa anakuwa m'Chinyanja cha kuno kuti, "Ba ticha, mwapaya mwamuna wanu!" Msika wonse unafa nako kuseka, ndipo choipa n'chakuti inenso ndinaseka mpaka misozi.

Madzulo ake a Gilson anati, "Usankhe, ine kapena Mtchaina wakoyo. Sindingakwatire mkazi wondigwetsa pagulu." Nawo Ba Regina akuti wapampando wa chipani m'dera lathu wayamba kufunsa kuti mlendo ngati ine amakatani kwa Matchaina.

A Gilson ndimawakonda. Koma ndikakumbukira mmene mkono unayendera bwino tsiku lija, mtima umavina. Nditani?

M. K., Kabwata

Mwana wanga M. K.,

Nanenso ndaseka, koma sindine amene ndikufuna kukwatiwa ndi Gilson. Chimene chamupweteka si kugwako ayi, ndi kuseka kwako. Munthu anabwera kudzakusangalatsa, wachoka anthu akumuloza, ndipo mkazi amene amayembekezera kuti amudzutsa anali kupukuta misozi ya chimwemwe.

Yamba ndi kupepesa, muli awiri, nkhope ili yoongoka. Ngati ukuona kuti uphulika nako kuseka, yamba wasekeratu kunyumba. Suti ija ukachapitse. Upitenso kwa mayi wa matimati uja, chifukwa malonda ake ndiwe unawaphwanya.

Kenako Gilson umuuze zonse, ndipo umuitane Loweruka akaone yekha. M'mutu mwake muli mnyamata wa m'kanema wovula malaya. Akakapeza mdala wonunkha anyezi akulimbana ndi mawu a Chingerezi, nsanje idzatha. Usamukakamize kuti ayambe kuphunzira nawo. Angokhala pamthunzi n'kuonerera.

Sindikuuza kuti usiye. Wapeza chinthu chokusangalatsa m'dziko la eni, ndipo ambiri sachipeza. Ngati Gilson atapepesedwa, ataonanso yekha, akuumirirabe kuti usankhe, ndiye kuti akufuna mkazi womuopa. Zimenezo ndi bwino uzidziwe amalume asanakwere basi.

Za wapampando usazichepetse, pakuti ndiwe mlendo ndipo ntchito yako ili ndi chilolezo. Uwadziwitse ahedi ako, ndipo a Liang nawonso auze abwana awo. Ukatero upite ndi Ba Regina kwa wapampandoyo ukafotokoze wekha, ena asanakufotokozere.

Chomaliza, ndipo pano sindikuseka. Kuno Matchaina ndi anzathu, koma kwanu boma la chipani chimodzi lija limawaona ngati adani achikomyunizimu. Za a Liang usazilembe m'makalata opita ku Dedza. Ukamapita kutchuthi, pa chipata cha Mchinji ukapereke moni m'Chichewa basi, ndipo msilikali akakugwira paphewa, mikono yakoyo ikhale phee.

Aphungu