Botolo la Alamu

Lolemba, 2 Malichi

Mvula m'mawa. Basi yochedwa, nsapato zonyowa. Aphunzitsi ndawapeza atadzuka kale, magalasi ali pamphumi koma akuwafunafuna m'bulangete. Chaka chachitatu tsopano ndikuwasamala: kuwasambitsa, kuwameta, kuwamwetsa mankhwala, kukangana nawo za mchere. Ndi Myuda yekhayo amene ndinakhalapo naye pafupi. Ndisanayambe ntchito muno ndinkayesa Ayuda anathera m'Baibulo.

Dokotala anabwera. Analankhula ndi mwana wawo wamkazi pakhonde, motsitsa mawu. Mtima watopa, impso nazonso. Kwatsala masabata, osati miyezi.

Eni ake akuseka. Akuti, “Mayi, ana asukulu ndinkawauza kuti samu iliyonse imatha. Ndiye ine ndikhale samu yosatha?” Bambo amenewa ndimawakonda, ndingonena. Ndili m'basi pobwerera ndinayamba kuganiza za lendi ntchito ikadzatha, kenako manyazi anandigwira.

Lachitatu, 4 Malichi

Za matenda a Aphunzitsi ndinawauza alamu, akazi a achimwene, amene amatsogolera mapemphero a amayi kutchalitchi kwathu. Ana anawapatsa dzina la a Moto, ndipo sanaphonye. Lero afika kwathu ndi Baibulo lodzaza timapepala.

Mfundo yawo ndi iyi. Njira yopita kwa Atate ndi imodzi, ndiyo Mwana. Ayuda anam'kana, choncho Mulungu anatembenukira kwa ife, ndipo mpingo ndiwo Israeli wa lero. Mlonda akaona lupanga likubwera koma osaliza lipenga, magazi a ofawo adzafunsidwa kwa iye. Mlondayo akuti ndine.

Kenako anatulutsa kabotolo ka madzi amene anawapempherera. Akuti, “Akadzafooka osamvanso, powasambitsa mudzangowathira pamutu n'kunena mawu aja a ubatizo. Adzaona ndani?” Ponena zimenezi misozi inali mbwembwembwe. Sindingawanene kuti ndi ouma mtima. Wina akadwala kumpingo, iwo ndiwo amafika poyamba n'kuchoka pomaliza.

Botololo lili m'chikwama, pakati pa ambulera ndi magolovesi.

Lachisanu, 6 Malichi

Tsiku lothamanga. Kuphika msanga, kusita nsalu ya patebulo, kupukuta zoikamo makandulo. Dzuwa likalowa Sabata lawo limayamba, ndipo mwana wawo amabwera kudzayatsa. Aphunzitsi afooka, koma shati yoyera anaumirira kumanga okha mabatani. Batani limodzi linalowa malo olakwika. Ndinangozisiya choncho.

Masana kunabwera bambo wina wa imvi, woyendetsa malole. Anali mwana wawo wasukulu. Anandiuza kukhitchini kuti kale anaswa zenera la kalasi mwadala, ndipo chilango chake chinali kutsalira masana aliwonse Aphunzitsi akumuphunzitsa masamu mwaulere, mpaka anakhoza mayeso. Chimunthu chonse chija chinalira ngati khanda.

Atapita, ndinawafunsa Aphunzitsi ngati akuopa. Akuti, “Ine ndi Mulungu takhala tikukangana kuyambira ndili mnyamata, koma banja silinathe.” Ine zaka zonsezi ndikupemphera, sindinalimbepo mtima kulankhula za Mulungu momasuka chotero.

Lamulungu, 8 Malichi

Mapemphero atatha ndinawatsekereza abusa pakhomo la ofesi. Iwo maganizo awo ndi ena. Akuti Mulungu sanawataye Ayuda, ndipo pamapeto a nthawi mtundu wonse udzam'zindikira Ambuye n'kupulumuka. Zalembedwa m'kalata ya mtumwi yopita ku Roma. Ndinafunsa kuti nanga amene sadzafika pamapetopo, amene angotsala ndi masabata? Anakanda m'mutu, n'kunena kuti tiziwapempherera. Sindikuwadandaula. Bola sananame.

Alamu pageti, pakamwa pali pakhutu langa: “Zengerezu adalinda kwawukwawu.”

Baibulo limodzi, tchalitchi chimodzi, mayankho awiri. Mutu ukundiwawa.

Lachiwiri, 10 Malichi

Tsiku langa lopuma. Ndinapita kwa malume, mlaliki wopuma pantchito. Maso anafa, koma malemba ali m'mutu monse. Ndinawapeza pakhonde akusenda malalanje ndi kampeni, khungu lake osaduka.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandiuza nditsekule kalata yomwe ija, pamene pali mtengo wa azitona. Ndinawerenga mokweza. Mtengowo ndi wa Ayuda. Ife ndife nthambi za kutchire zimene anachita kutilumikizapo. Akuti, “Wamva? Muzu ndiwo wakunyamula, si iwe wanyamula muzu. Mlendo akakhuta asayambe kuloza mwini nyumba khomo.” Anandiwerengetsanso pamene pakuti Mulungu akaitana kapena kupereka mphatso, sabweranso mawa kudzalanda.

Ndinafunsa mosapsatira kuti ndiye Aphunzitsi apulumuka? Malume anamaliza kaye kusenda lalanje. Akuti, “Mwanawe, Yesu ndiye khomo, zimenezo ndinalalikira moyo wanga wonse ndipo sindibweza. Koma makiyi sanandisungitse ine. Mtumwi yemweyo atafika pamenepa anasiya kufotokoza n'kuyamba kutamanda. Ine ndine yani kuti ndimupitirire?”

Za botolo sanachedwe nazo. Akuti, “Ubatizo wakuba si ubatizo. Ngati uli ndi mawu, kawauze ali maso.”

Alaliki ndawamvapo ambiri. Wonena kuti “sindikudziwa” n'kukhalabe ndi chikhulupiriro chonse ndamuona mmodzi yekha, ndipo ndi mlongo wa mayi anga. Ndinabwerera ndikunyadira.

Lachisanu, 13 Malichi

Ndawauza Aphunzitsi. Nthawi yake ndiye ndinasankha yoipa, ndikuwameta ndevu. Nditangotchula dzina la Yesu, lezala lili pakhosi, anakweza chala. Akuti, “Mayi, ikani kaye lezalalo pansi. Ulaliki wa mtundu umenewu anthu akwathu tikuudziwa.” Tinaseka mpaka anatsamwa.

Ndinaika pansi. Ndinanena zonse zimene ndimakhulupirira, mopanda luso, mawu akugwagwa. Sanandidule. Thovu linaumira kumasaya iwo akumvetsera.

Kenako anandiuza za mayi awo. Ali mtsikana, anthu akwawo ankasakidwa ndi kuphedwa chifukwa chongokhala Ayuda. Mayi wina wachikhristu anawabisa m'chipinda chosungiramo katundu, n'kumawapatsa chakudya chimene akanadya ana ake. Sanawapemphe kuti asinthe chipembedzo, ngakhale tsiku limodzi. Alongo onse a mayi awowo anagwidwa, ndipo amene anawaulula analinso anthu opita kutchalitchi. Akuti, “Ndili moyo chifukwa cha Mkhristu mmodzi. Ndilibe amalume chifukwa cha Akhristu ena. Ndiye mukamati Mkhristu, ine ndimayamba ndayang'ana manja ake.”

Yankho lawo linali lofatsa. Anabadwira m'pangano la makolo awo, adzafera momwemo. Koma anathokoza kuti ndawauza ali maso. Anandipempha ndiwawerengere salimo lija la munthu wokweza maso kumapiri. Ine m'chilankhulo changa, iwo akutsatira m'Chiheberi, maso ali chitsinzinire. Salimo limodzi lomwelo.

Tsaya lamanzere ndinaiwala kumeta. Alowa nalo m'Sabata choncho.

Lachinayi, 19 Malichi

Aphunzitsi salankhulanso kuyambira dzana. Madzi ndikungowanyowetsa pamilomo ndi thonje. Foni ya alamu yalira kangapo, sindinayankhe.

M'mawa mwana wawo anapita kukagula mankhwala. M'nyumba tinatsala awiri. Beseni, thaulo, sopo. Botolo ndinalitulutsa n'kuliika patebulo pafupi ndi magalasi awo.

Ndinachita mantha, ndisabise. Nanga alamu akakhala kuti akunena zoona? Madzi ochepa chabe, mawu ochepa chabe, palibe woona. Munthu amene ndimam'konda angatayike chifukwa choti ine ndinafuna kuoneka waulemu? Ndinagwira chitsekerero cha botolo.

Kenako ndinayang'ana nkhope yawo. Anandiyankha kale, ali ndi nzeru zawo zonse. Kudikira kuti munthu asathe kukana ndiye n'kumuchita chimene anakana, kwathu timati kuba.

Ndinawasambitsa ndi madzi ofunda a pampopi, kuseri kwa makutu monga amakondera. Ndinawavala shati yoyera, mabatani onse m'malo mwake. Ndinapemphera mokweza kuti, Mulungu wa Abrahamu, munawadziwa bambowa ine ndisanabadwe, ndipo mumawakonda kuposa ine, chitani monga mwa chifundo chanu. Ngati ndalakwa, mlandu ukhale wanga.

Botolo linabwerera m'chikwama.

Lachitatu, 25 Malichi

Anatisiya Loweruka masana, pa Sabata lawo. Anaikidwa mawa lake. Thupi anasambitsa ndi amuna a kusunagoge kwawo, anthu achete, odziwa ntchito yawo. Woyendetsa malole uja anaima kumbuyo pafupi nane, chipewa chili m'manja.

Alamu anandifunsa pafoni kuti ndiye ali kuti tsopano. Ndinati ali m'manja mwa amene anawaitana poyamba. Ndinangomva akufwenthera.

Lero ndinapita kukathandiza kunyumba. Mwa mwambo wawo wa maliro, magalasi oonera a pakhoma onse aphimbidwa ndi nsalu, achibale akhala pa timipando tatifupi. Ndinachapa makapu, ndinapinda zofunda. Bedi lopanda munthu likuoneka lalikulu.

Mwana wawo ananditsatira kukhitchini n'kutseka chitseko. Akuti pamene bambo ake anayamba kufooka, iye anafuna kubweretsa namwino wina wa chipembedzo chawo kuti aziwasambitsa masiku omaliza. Iwo anakana. Botolo analiona kale, tsiku lina ndikutulutsa magolovesi, ndipo anadziwa ntchito yake. Anamuuza kuti, “Ndikadzasiya kumva, azindisambitsa mayi yemweyu. Ali ndi madzi m'chikwama, koma sangandibere.”

Ndinakhala pansi, thaulo lili m'manja. Pamene ankanena zimenezo, ine mwiniwake ndinali ndisanadziwe chimene ndidzachite.

Mawa ndipita kwa alamu. Ndikawabwezera botolo lawo, lodzaza.