Mwamuna wa Atija alibe nkhope

Namacula, Lichinga
Lachiwiri

Achimwene anga a Fakihi,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Lione, inu ndi alamu ndi ana onse? Bondo lija lasiya kutupa? Ife kuno tili bwino, Alhamdulillah, kungoti chisanu cha chaka chino chikulowa mpaka m'mano.

Uthenga wanu wa mawu pafoni ndaumva, kawiri konse. Mwati Atija ndimukweze shapa, minibasi ija, abwere kumudzi chifukwa wakwatiwa mobisa, inu malume ake, ankhoswe ake, osadziwa. Mwatinso akwawo kwa Swalehe adzathetsa chitomero chake ndi Atija Lachisanu likubwerali akatuluka ku mzikiti. Ndikaimba mukudula. N'chifukwa chake ndalemba ndi dzanja langa lokhotali, ndapatsira dalaivala. Muwerenge mpaka pansi, kukwiya mukwiye pambuyo.

Ntchito ya mwanayu simunaifunsepo, ndiye ndikuuzeni. Amamanga masamba a pa intaneti. Tsambalo lili ngati khomo la loja, kapena kuti sitolo. Munthu amalitsegula pafoni, aona katundu, aona batani, adina, basi walankhula ndi mwini loja. Atija amalemba timalembo tating'ono pa kompyuta, kwinaku batani n'kusanduka lobiriwira. Tsiku loyamba kuona ndinaimba nthungululu mpaka aneba kusuzumira. Mwana wa mng'ono wanga Tausi, uja tinkamupukuta mamina!

Dona Celestina a ku Lulimile, amene amasoka ndi kubwereketsa madiresi aukwati, anamupempha awapangire tsamba. Zithunzi analibe. Ndiye Atija anavala diresi limodzi, lamanja aatali, mpango kumutu bwinobwino. Ine ndinalipo, chithunzicho ndinajambula ndine. Pambali pake panaima chidole cha mu lojamo, chija amachiveka suti kuti anthu aone. Mutu wake uli ngati dzira, chilibe maso, chilibe pakamwa, mwendo ndi chitsulo.

Pa kompyuta chithunzi chinkaoneka chonse, chidole n'kumaonekeratu kuti ndi chidole. Koma foni ndi yopapatiza. Tsamba lija likafika pafoni linkadula chithunzi m'mbali kuti chikwane. Panatsala Atija, ndi phewa la suti, ndi mkono. Mwanayu anayesa pa kompyuta pokha, pafoni sanayese. Wavomera yekha kuti analakwitsa, akuti kusukulu ankawauza tsiku ndi tsiku kuti aziyamba kuyesa pa kafoni kakang'ono. Walira masiku awiri. Kulakwa kwake ndi komweko, palibe kwina.

Tsopano zimene zandinyansa, achimwene. Wina anakopera chithunzi chodukacho n'kuchiponya pa gulu lanu la pa WhatsApp. A Mwanamisi, amene tinkatunga nawo madzi chitsime chimodzi, akuti mwamunayo akumudziwa, ndi wamalonda wa ku Nampula, ali ndi galimoto yoyera. Wina akuti iyayi, phewa lotere ndi la wapolisi. Ndamva kuti winanso walumbira kuti mpunga wa paukwatipo anadya, unali wosapsa. Mpunga wa chidole! Nditamva ndinalavula. Anthu akuluakulu, opemphera kasanu pa tsiku, kukhala pansi kukwatitsa mwana wa mnzawo kwa phewa.

Foni onsewo ali nazo, nambala yanga ali nayo. Akafuna ndiwagulire mankhwala m'tauni amaimba ngakhale ndili kubafa. Koma kufunsa kuti Assia, kodi n'zoona, chala chinawauma onse. Ndi inu nomwe, achimwene. Mwana mwamuona akukula, mwakhulupirira mkono wa suti. Pamenepo mwandikhumudwitsa, sindikubisirani.

Swalehe yekha alibe mlandu. Atija anamutumizira chithunzi chonse ku Cuamba kumene akugwira ntchito, mnyamatayo akuti anaseka mpaka anzake kumufunsa. Koma mayi ake ndi amalume ake sakumva za iye. Akuti zithunzi masiku ano amazikonza, ndipo mwana wawo wapusitsidwa ndi mtsikana wam'tauni. Iwowo angamve inu nokha, nkhoswe kwa nkhoswe.

Tsamba lija Atija analikonza m'mawa womwe tinamva nkhaniyi. Chithunzi chake anachichotsa. Koma Dona Celestina anadandaula kuti tsamba la madiresi lopanda wovala diresi ndi chiyani. Atija anakana, mtsikana wina aliyense anakana, ndani angafune zimene zaonekazi? Ndiye ndinati bweretsani lalikulu kuposa onse.

Achimwene, ndavala! Kumbuyo silinatseke, anachita kuligwira ndi mapini, koma kutsogolo eee. Mukukumbuka nikahi yanga, ukwati wanga uja ku kampu ku Malawi nthawi ya nkhondo, nditavala chitenje cha kapulana chobwereka, mvula ikudontha pa lona? Zaka zonsezi sindinadziwe kuti diresi loyera limalemera chonchi. Ndinadziona pagalasi, ndinaseka, kenako misozi. Anandijambula nditagwira chidole chija pamkono, mutu wake wadzira uli poyera. Kenako tinazungulira msika ndi Atija, kubwereka foni za anthu, zazikulu, zazing'ono, ina yosweka galasi. Ponseponse chikuoneka chonse, mpaka chitsulo chakumwendo.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani kwa abale a Swalehe Lachisanu lisanafike. Musawaonetse chithunzi cha pagulu, mutsegule tsamba lenilenilo, Atija wakutumizirani pamene muyenera kudina, ndi mamega a intaneti omwe. Koma chenjerani, akuti foni imasunga tsamba lakale ngati mkamwini wosunga mkwiyo, mukhoza kuonanso phewa lija. Ikani chala pamwamba, kokerani pansi, kagudumu kazungulire, mudikire. Mukaona nkhope yanga, ndiye kuti lafika latsopano. Suti ndi yomweyo, batani lake lapamkono ndi lomwelo, ayerekeze okha. A Mwanamisi muwaitane akhale pafupi, amuone bwino wamalonda wawo wa ku Nampula.

Za shapa iwalani, mwanayu sindimukweza. Maloja ena awiri amuitana kale kuti awapangire masamba, ndipo tsopano sayamba ntchito asanabwereke kafoni kanga. Akadzabwera kumudzi adzabwera pa nikahi yake ndi Swalehe, inshallah, inu muli kutsogolo.

Anthu akumudziwo akaona zonsezi n'kunenabe kuti panali ukwati, chabwino, muwavomere. Koma mkwatibwi ndine. Mubwere mudzandiimire unkhoswe, mwamunayo ndamukonda. Samwa, sayankha, ndipo makutu omvera mabodza alibe.

Moni kwa alamu anga, kwa Tausi, mumuuze adye, mwana wake ali bwino. Moni kwa azakhali, kwa ana anu onse ndi adzukulu. A Mwanamisi musawapatse moni wanga, ndidzawapatsa ndekha.

Ndine mlongo wanu,
Assia, mkazi wa chidole