Paipi ya Kuphiri

Lolemba, 5 Outubro 1987

Mpopi wa kunyumba yathu yalendi wauma. A Tenente Leopoldo, mkulu wa asilikali amene amakhalamo, abwera mfuti ili paphewa. Akuti nyumba ndi yathu, ndiye paipi ndi yathunso, tikonze. Amuna anga a Isaka anangoti inde bwana. Paipiyo imachokera kukasupe kuphiri, kumene chaka chino sikupita munthu chifukwa cha zigawenga zija za m'tchire ndi mabomba okwirira.

Lachiwiri, 6

Ndawatungira madzi kunyanja mpaka khosi kuuma. Dona Glória, akazi awo, akuti chimbudzi chikununkhabe, ndiponso khanda sangalisambitse madzi otsukira usipa. A Tenente andifunsa akuseka ngati tili ndi abale kumtunda amene tikuopa kukumana nawo. Funso limeneli anthu amapita nalo osabwerako.

Lachitatu, 7

A Isaka anola chikwanje, amanga sipanala ndi mphira wa njinga. Ndawauza kuti tiwoloke tipite ku Likoma, nyumba aitenge. Akuti, "Lea, paipi ija ndinayala ndi manja angawa. Ndiyenda pamwamba pake, bomba sakwirira pachitsulo." Akuti akafika adzagogoda paipi ndi sipanala, ine ndiike khutu pampopi wa panja, chitsulo chimanyamula mawu. Nkhalamba yamakani! Ndikuopa.

Lachinayi, 8

Anyamuka m'mawa. Dzuwa lili pamutu ndamva: ngo, ngo, ngo. Ndalira ngati mwana.

Madzulo mpopi unatsokomola, kenako madzi, ofiira poyamba. Dona Glória kuvina. A Isaka sanafike.

Lachisanu, 9

Sanafike. A Zamda oyandikana nafe akuti dzulo kunamveka kuphulika kumtunda, ena akuti unali mwala chabe. Sindinadye.

Khutu latupa ndi kukanikiza pachitsulo. Masana ndamvanso kugogoda, kofooka, kodukizadukiza. Ali moyo! Ali penapake pambali pa paipi, kuyenda akulephera. Ndathamangira kwa a Tenente, ndagwada, ndapempha asilikali. Anali akumeta ndevu, mpopi uli chitsegulire. Akuti paipi imalira yokha madzi akamayenda, ndipo sangaike anyamata awo pangozi chifukwa cha phokoso. Anathokoza kuti eni nyumba tagwira ntchito yathu.

Loweruka, 10

Kuseri kwa chipupa china chogumuka kuli chotsekera madzi chachikulu cha paipi ija, chokwiririka ndi zinyalala. Amachidziwa ndi a Isaka ndi ine basi. Mbandakucha ndachitseka, chogwirira chake ndazula.

A Tenente abwera sopo ali m'khosi. Ndawauza kuti paipi yadukanso kumtunda, ndipo wokonza ndi yemwe uja ali komweko. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati:

"Mayi, anyamata anga akakapeza paipi ili bwinobwino, mudzayankha kukwatelo, kumsasa wathu wa asilikali."

Ndinati ndamva, bwana.

Panopa asilikali akukwera, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, akuponda pachitsulo. Ine ndakhala pampopi, chogwirira chija ndamangirira m'chiuno, chikundizizira. Kumtunda kuli zii kuyambira m'mawa. Ndatola mwala, ndikugogoda ndine, kuti amve kuti anthu akubwera.