Maina Awiri Pakhoma la Ofesi

Ching'ambo,
Mzuzu.
14 Julaye, 2024.

Okondedwa achimwene a Wongani,

Monire chomene kumeneko ku Joni. Ndikhulupirira kuti Ambuye akukusungani pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chatiluma. M'mawa nkhungu imakuta Ching'ambo yense mpaka anjinga za sakaramento amayenda akuliza mabelu ngati kuli ukwati.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndakhala ndikuyesa kukuuzani pafoni, koma mukangoti "Selina, kuli bwanji?" ine ndimayamba za kukwera mtengo kwa shuga. Ndiye ndati bola pepala. Ndapatsira a Esme akwaya aja, akukwera basi Lachitatu.

Nkhaniyi ndi ya ku ofesi, komanso ndi ya adada. Mukudziwa kuti chimwalirireni amama, chimene chimawadzutsa m'mawa ndi ntchito yawo yomasulira maphunziro a Sande sukulu ku ofesi kwathu ku Chibanja. Amavala jekete yawo yauphunzitsi ija, amafika tonse tisanafike. Ine ntchito yanga ndi kusonkhanitsa zolemba za anthu onse n'kuzipereka kwa Fyness, mnzanga amene amaziyala bwino kuti zikasindikizidwe.

Kagwiridwe kathu kanali ka chisokonezo, ndivomere. Aliyense amalemba pakompyuta yake n'kundipatsa pa fulashi. Maina a mafayilo ake mukanaseka: "lomaliza", "lomaliza lenileni", "lomaliza lenileni musakhudze". Ndiye pa Isitala tinasindikiza fayilo yolakwika. Ana m'mipingo yonse anapeza pakati pa phunziro la Lamulungu la Kanjedza mawu akuti, "Fyness, apa uikepo bulu wowoneka bwino, uja ndi wowonda." Abodi, akuluakulu oyang'anira ofesi yathu, sanaseke nafe. Mayi Ethel Nyirenda, mkulu wa ofesi, anati basi, tigule pulogalamu imodzi yosungiramo zolemba zonse ndi kugwiriramo ntchito pamodzi. Popeza mafayilo amadzera kwa ine, anandipatsa mapulogalamu awiri kuti ndiyese n'kunena yotiyenera.

Yoyamba ili ngati kabati. Munthu amalemba kwayekha, akamaliza amaikamo, wina n'kutenga. Yachiwiri ili ngati tonse tazungulira pepala limodzi, aliyense ndi cholembera chake. Fayilo imakhala imodzi yokha, ndipo ukasintha ngakhale liwu limodzi imalemba dzina lako, n'kusunganso zimene zinalipo poyamba. Sabata yoyamba yomwe ndinadziwa kuti yachiwiriyi ndi imene ingatichotse manyazi a bulu aja.

Koma achimwene, ine ndinkakokera ku yoyamba. Ndinauza mayi Ethel kuti yachiwiri imadya bandulo kwambiri. Si bodza ayi, imadyadi, koma chifukwa changa sichinali chimenecho, ndipo Lamulungu lotsatira ndinapita ku mgonero mtima ukundiimba mlandu.

Chifukwa chake ndi ichi: adada sakuona bwino. Mutu wawo uli bwinobwino, Chitumbuka chawo chikadali chokoma ngati kale. Koma amalumpha mizere, amalemba ndime imodzi kawiri, ndipo nthawi zina zala zimasochera n'kutulutsa zinthu zosawerengeka. Fulashi yawo ikafika kwa ine ndimakonza mwakachetechete ndisanaipereke kwa Fyness. Sindinauze munthu, ngakhale iwo eni ake. Ku ofesi kwathu munthu wamkulu sitimuwongolera pagulu. Umapita naye pambali, n'kunena kuti mwina kompyuta yalakwitsa. Tsono pulogalamu yolemba maina ija ikanaika zonse pambalambanda, abodi n'kuwapumitsa. Ndikaganiza za adada atangokhala pakhonde tsiku lonse, akuyang'ana mpando wa amama, tulo sitinkabwera.

Mayi Ethel anati tisanasankhe tonse tione ndi maso. Kunabwera a Ronald, a kukampani yogulitsa pulogalamu yachiwiri ija, bambo wansangala wolankhula ngati wa pawailesi. Anayatsa pulojekita, fayilo ya phunziro la Samuele n'kuoneka pakhoma, yaikulu ngati chitseko.

"Aliyense alowemo pa kompyuta yake," anatero a Ronald. "Lembani momasuka, muone zodabwitsa."

Pakhoma panatulukira timbendera, kalikonse ndi dzina la mwini wake. Ka adada kanali kobiriwira, kolembedwa kuti Overtoun. Anayamba kulemba, nkhope pafupi ndi kompyuta monga amachitira masiku ano. Mzere woyamba unayenda bwino. Wachiwiri analowa m'ndime ya Fyness, n'kuyamba kulemba pakati pa mawu ake. Kenako zala zinasochera.

Ndipo ine, chitsiru cha mlongo wanu, manja anga anangoyamba okha. Ndazolowera, mukuona. Ndinaweramira pa kompyuta yanga n'kuyamba kukonza, kuiwaliratu kuti khoma likuonetsa. Kambendera kofiira kolembedwa Selina kankatsatira kobiriwira kaja pambuyo, iwo akalemba ine kufufuta, iwo akalumpha ine kubwezera. Anthu onse ankaona. Amene sankaona ndi adada okha, chifukwa khoma linali kutali.

A Ronald, osadziwa kanthu, anaomba m'manja. "Mwaonatu! Ubwino wake ndi umenewo! A Mphande akulakwitsa, a Selina akukonza pompopompo. Palibenso kudikira fulashi!"

Adada anachotsa manja pakompyuta. "Selina, ukukonza chiyani, mwana wanga?"

"Palibe, adada," ndinatero. "Mwina kompyuta..."

"Kompyuta yomweyi a Ronald akuitamayi?"

Fyness, Mulungu amudalitse, anadzuka n'kunena kuti, "Anthuni, tiyi akuzizira, ndipo mandazi amenewa sindibwerera nawo kunyumba." Anthu anathamangira makapu ngati sanadye sabata yonse.

Poweruka ndinaimitsa sakaramento, koma adada anakana, anati tiyende. Titafika pa ngalande ija yolowera kwathu anandigwira chigongono, chinthu chimene sanachitepo, n'kufunsa kuti, "Unayamba liti?"

"Mvula ya chaka chatha, adada."

Ndinayamba kupemphera chamumtima. Kenako anaseka, kuseka kwawo kogwedeza mapewa kuja. "Ndiye ine ndakhala ndikuthokoza Mulungu kuti mabuku akutuluka oyera ngakhale ndikuona chimbuuzi. Ndimati watuma mngelo. Kani mngelo wake ndi yemwe amapsereza nyemba m'nyumba mwanga momwemo!"

Ine misozi basi. Ndinawauza zonse, za bandulo zomwe, ndi kuti ndikufuna kusankha ya kabati ija kuti abodi asadziwe.

"Ayi," anatero. "Usankhe ya maina. Tikulembera ana kuti azinena zoona. Sitingawalembere ndi dzanja lobisala. Zanga ndikanena ndekha."

Ndipo anakanenadi. M'mawa mwake anavala tayi, mwina chifukwa cha mantha, n'kugogoda kwa mayi Ethel, ine ndili pambuyo. Asanamalize n'komwe, mayi aja anati, "Aphunzitsi, mwezi watha munapatsa moni juzi yanga ili pampando, n'kuifunsa za kunyumba. Ndinkangosowa poyambira." Adada anati, "Nchifukwa chake tsiku limenelo simunanditsutse kanthu." Anaseka onse awiri, koma ine ndinaona mayi Ethel akupukuta m'maso.

Tinasankha yachiwiri. Tsopano adada amanena ndi pakamwa, ine ndimalemba, ndipo pamwamba pa phunziro timaika maina onse awiri. Fyness akafuna kusintha kanthu amasiya funso pambali, ine ndimawawerengera, iwo amayankha kuti, "Muuze Fyness kuti wanena zoona," kapena, "Muuze Fyness abwerere ku Sitandade 5." Bandulo ikutha msanga monga ndinanenera, apo pokha sindinaname. Abodi anakangana, ena amati apume basi, koma mayi Ethel anawapempha kuti adikire kaye zakuchipatala, ndipo avomera.

Apa ndi pamene ndikukufunani, achimwene. Tinapita kuchipatala. Adokotala akuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo akuti imachotseka. Ayamba diso limodzi mwezi wa Seputembala. Adada pamaso pa anthu amati sakuopa, koma ndawamva akufunsa abusa ngati munthu amamva mpeni. Kuwodi ya amuna pafunika wowadikirira, wowaperekeza kubafa, ndipo mukudziwa kuti ine mwana wamkazi sangandilole zimenezo ngakhale atagwa. Sindikupempha kuti mutumize kanthu. Ndikupempha inuyo. Kambani ndi abwana anu nthawi ikadalipo.

Mundikhululukire kuti ndinakubisirani. Nthawi zonse mukafunsa ndinkati adada ali bwino, ndipo inu munkandikhulupirira.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chitenje chija ndimavala kukwaya. Glory ndi Temwa muwapsompsonere, alimbike sukulu. A Fyness akupereka moni, abusa akuti tikukupemphererani Lachitatu lililonse. Adada ndawawerengera kalata yonseyi, anangotsutsa kuti tayi sanavale chifukwa cha mantha. Apempha cholembera kuti moni wawo alembe okha, ndiye muupeza m'munsimu. Mizere yakwerana, ndipo mawu ena atsikira pansalu ya patebulo, moti "mwana wanga" watsala kuno kunyumba. Sindinakonze kalikonse. Mukalephera kuwerenga, mudzawafunse nokha mukabwera.

Yewo chomene, achimwene. Ambuye akhale nanu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Selina Mphande.