Mlongo wanga analengeza mimba ya eni ake m'minibasi

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Buchi kuno ku Kitwe. Ndinkagwira ntchito m'chipinda cha makompyuta kumgodi, mpaka mgodi unagulitsidwa, eni ake atsopano n'kutiuza kuti tachuluka. Ndinalira, kenako ndinapukuta misozi n'kuyamba kabizinesi ndi mlongo wanga wamng'ono, Lighton. Ine ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta, iye amapita kukawaika ndi kukonza zikavuta.

Kasitomala amene amatidyetsa ndi Sisita Harriet, namwino amene anachoka kuchipatala cha mgodi n'kutsegula kiliniki yawo ya amayi. Pulogalamu yathu imawasungira mayina a odwala ndi masiku awo a sikelo. Makiliniki ena a ku Ndola akungodikira kumva kwa iwo ngati tili anthu odalirika.

Tsono Lighton ndi wabwino mtima, koma pakamwa pake palibe chitseko. Mwezi watha kompyuta ya kukiliniki inavuta. Pokonza, anaona dzina la Georgina, mkazi wa mnzake Jonah amene amaimba naye kwaya, pakati pa amayi amene angoyamba sikelo. M'mawa mwake anakumana ndi Jonah m'minibasi yodzaza thothotho, ndipo anafuula ali kumpando wakumbuyo: "Ba Jonah, mwagwira ntchito! Tiyambe kugula matewera?" Minibasi yonse inaomba m'manja.

Aphungu, Jonah sankadziwa kanthu! Ndi mimba yoyamba, ndipo mukudziwa kuti kwathu kum'mawa mimba yoyamba sitchulidwa chisawawa akuluakulu asanalankhule. Georgina ankadikira azakhali ake achoke ku Katete. Jonah anatsika panjira, anathamanga kukauza amayi ake, ndipo Georgina anamva nkhani ya mimba yake yomwe kwa apongozi ake akuimba nthungululu pakhomo. Mwana wa eni analira tsiku lonse.

Sisita Harriet anandiitana. Anati: "Mwana wanga, muno ndimasunga zolemera kuposa mimba. Lero ndi nkhani yokoma, mawa idzakhala ya magazi a munthu. Undibweretsere pepala lonena zimene mumaona, zimene simuona, ndi zimene mudzachite mukalakwa. Apo ayi, chotsani pulogalamu yanu, ine ndibwerere kumakadi anga."

Ndinathamanga kunyumba, ndinatenga kabuku ka malamulo kamene kanabwera m'bokosi la pulogalamu ina yakunja, ndinakopera konse n'kuikapo dzina lathu. Ndinakawapatsa Sisita, ndimati sawerenga. Mayo ine! Anavala magalasi n'kunena kuti: "Ife tinasaina mapepala a mgodi osawerenga, tinaona zimene tinaona. Masiku ano ndimawerenga ndi tizilembo tapansi tomwe." Anawerenga mokweza, odwala akumva. "Ukuti tikakangana tikaweruzidwe ku Amereka? Minibasi yake ndikakwerere kuti? Ndipo apa ukundiletsa kuyendetsa ndege ndi pulogalamu yako. Ndege yanga wayiona kuti iwe?" Anaseka mpaka misozi, inenso ndinaseka. Za Georgina papepalapo panalibe ngakhale liwu limodzi.

Andipatsa mpaka Lolemba. Lighton akungoti: "Koma alongo, Jonah anasangalala! Ndalakwa pati?" Ndikuopa, Aphungu. Kiliniki imeneyi ikatithawa, ana anga adya chiyani? Ndilembe zotani? Nanga mlongo wangayu ndimutani?

A.T., Kitwe

*

Mayi A.T.,

Ndaseka ndekha muofesi muno mpaka anzanga abwera kudzandisuzumira. Koma pukutani thukuta, nkhani yanu si yoipa monga mukuganizira. Kasitomala amene watopa nanu sawerenga pepala lanu mpaka kumapeto. Sisita Harriet akukufunani, akungofuna kugona tulo.

Musanagwire cholembera, valani chitenje mupite kwa Georgina, Lighton ali pambuyo panu. Apepese kwa mwini mimba, osati kwa Jonah. Kusangalala kwa Jonah sikuchotsa mlandu: nkhani inali ya mkazi, ndipo tsiku loinena linali lake. Akayamba zija za "koma ndimafuna zabwino", mupondeni chala.

Mukabwerako, kabuku kakunja kaja mukasonkhere mbaula. Chovala chobwereka sichithetsa usiwa, ndipo ichi chakuchititsani kale manyazi pagulu. Mukufunika mapepala awiri, aafupi, olembedwa monga mmene mumayankhulira.

Loyamba ndi pangano lanu ndi kiliniki. Linene ntchito imene pulogalamu imagwira ndi imene sigwira: imasunga mayina ndi masiku, siyeza wodwala, sipereka mankhwala. Linene kuti ikavuta mudzafika pakapita nthawi yaitali bwanji, ndipo apa lembani zimene miyendo yanu ingathe, osati zokometsera. Magetsi akazima zinthu n'kufufutika, ndani amayenera kukhala atazisunga padisiketi, inu kapena iwo? Gwirizanani lero, mudakali kuseka. Lembaninso kuti zonse za odwala mwini wake ndi kiliniki, ndipo tsiku limene mudzasiyane mudzazibweza zonse osatsala ndi kanthu. Mukakangana, muyambe mwakhala pansi ndi munthu amene nonse mumam'lemekeza, zikakanika mupite kukhoti la konkuno, kumene munthu angafike ndi minibasi.

Lachiwiri ndi la chinsinsi cha odwala, ndipo ili ndilo Sisita akulidikira. Musalilembe muli nokha kunyumba. Khalani nawo, muwafunse kuti ndani ayenera kuona chiyani. Wolandira odwala pakhomo aone dzina ndi tsiku basi. Zotsatira za magazi aone namwino yekha. Wokonza kompyuta safunika kudziwa kuti ndani ali ndi pakati, monganso wokonza loko safunika kutsegula sutikesi ya mwini nyumba. Inu ndinu mwini pulogalamu, choncho ikanimo mawu achinsinsi osiyana kwa aliyense, ndipo pangani odwala abodza oyesera pokonza. Ngati vuto likufuna kuti mutsegule mayina enieni, namwino akhale pomwepo akuona. Madisiketi a kiliniki asapite kunyumba kwanu kumene ana ndi alendo amagwiragwira.

Pepala lomweli linene zimene mudzachite chinsinsi chikatuluka: mudzauza Sisita tsiku lomwelo, asanazimve kumsika wa Buchi. Pamwamba pa awiriwo, mulembe lina lalifupi, m'Chinyanja ndi m'Chibemba, limatidwe pakhoma pamene amayi amakhala podikira, kuti aliyense adziwe zimene zasungidwa za iye ndi amene angazione. Georgina akadzabwera kusikelo aliwerenge ndi maso ake.

Ine si loya, mayi. Mapepalawo akatha, pitani nawo kwa loya awaone. Ngati Lolemba lafupika, pitani kwa Sisita ndi zimene mwalemba, muwauze chilungamo kuti loya sanazione. Munthu amene amawerenga tizilembo tapansi amakonda zoona kuposa Chingerezi chambiri.

Tsopano za mlongo wanu. Musamuthamangitse, anthu okonza makompyuta mosangalala ndi osowa. Koma muwerengereni pepala la chinsinsi mokweza, Sisita Harriet ali pomwepo, ndipo asaine kuti zimene waona kuntchito sizituluka pageti, kaya ndi zokoma kaya ndi zowawa, kaya kwa mkazi wake kaya kukwaya. Afunseni Sisita amuuze zimene zimachitikira mayi amene zotsatira zake za magazi zafika kunyumba iye asanafike. Ndikhulupirira kuti tsiku limenelo saseka.

Chenjezo langa ndi ili: musalembe lonjezo limene likudalira pakamwa pa munthu amene sanavomere kuti analakwa. Pepala likasainidwa, Lighton akadzayankhulanso, wabodza mudzakhala inu, ndipo ku Ndola adzamva tsiku lomwelo. Muyang'aneni m'maso Lamulungu mukachoka kutchalitchi, mumufunse ngati wamvetsa chimene Georgina analirira. Akadzati "koma Jonah anasangalala", mupatseni ntchito ya mawaya ndi mapulintala, ndipo Lolemba kukiliniki mupite nokha.

Aphungu