Mimba Imene Anandinamizira

Lamlungu, 1 Juni

A Janeth, akazi a malume Masauso. Dzina ndalemba poyamba kuti ndisadzaiwale. Ndi iwo andichotsetsa mu kwaya lero. Anandiona Lachisanu ku msika wa Chisokone ndikusankha matewera ndi tizipewa ta mwana. Moni sanapereke. Anangoyang'ana thumba, kenako pamimba panga, n'kumapita.

Lero Misa isanayambe a Boaz, otsogolera kwaya, anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. "Jessy, puma kaye mpaka nkhani yako ilongosoke." Nkhani yanga! Salimo imene ndavutika nayo mwezi wonse waimba Gwen, mawu ngati chitseko chopanda mafuta.

Ndikanangotsegula pakamwa zonse zikanathera pomwepo. Koma ndinalumbira. Mimbayo ndi ya asisi Philomena. Zaka 44.

Lachitatu, 4 Juni

Komboni yathu yonse ya Chamboli yandipatsa kale miyezi ya mimba. Ena atatu, ena isanu. Mu minibasi mayi wina wandisiyira mpando wakutsogolo, ndakhalapo dala.

Ndafika kunyumba ndikuwira. Ndati asisi, auzeni anthu, ine ndatopa. Iwo anangopitiriza kusita shati ya alamu a Laston amene ali pa ulendo ndi thiraki. Kenako ati: "Ziwiri zija ndinalengeza msanga, ndinavinira. Zonse zinapita padera, anthu n'kumabwera kudzandiona ngati maliro. Iyi sinditchula mpaka akuluakulu aitchule okha."

Mayi athu atamwalira ndinali ndi zaka zitatu, atate mgodi utawachotsa kale ntchito. Asisi anatilera asanu. Anabwera a Stephen kudzawafunsira ukwati, anadikira, anatopa, anakakwatira ku Chifubu. Anzawo akubereka asisi ankachapa mayunifomu athu. Anakwatiwa ali ndi zaka 40, ine nditalemba giredi 12. Ndiye akamati anachedwa, anachedwera ndani?

Anandigwira dzanja n'kulilowetsa pansi pa chijuzi chachikulu chimene sachivula. Ndinadikira. Gu! Kachidendene, ndinakamva bwinobwino, kakudutsa pansi pa chikhatho changa. Muli munthu mmenemo. Ndakhala pansi pa simenti osadziwa kuti ndakhala liti.

Loweruka, 7 Juni

Ndawaperekeza ku sikelo, ku Ndola, kothawa maso. Pa benchi ponse atsikana a msinkhu wanga. Namwino anandiitana ine: "Lowa iwe, amayi ako adikire panja." Asisi anaseka mpaka misozi. Mkati anatimvetsera mtima wa mwana. Umathamanga ngati sitima yaing'ono. BP akuti yakwera, pa zaka zawo asamasewere nayo.

Loweruka, 14 Juni

Lero! Ndilembe ndisanaiwale kalikonse.

M'mawa ndikutsuka mbale, geti gwe. A Janeth patsogolo, alangizi awiri pambuyo, mkeka m'khwapa. Abwera kudzandichitira chisamba, mwambo wolangiza wa mimba yoyamba. Osafunsa! Ayala mkeka pabalaza. "Vula juzi ukhale apa, utiuze mwini wake. Banja lathu silibisa mimba ngati nkhuku yakuba."

Ndati anti, ngati mukufuna mimba kafunefuneni kwanu. Mlangizi wina anagwira pakamwa.

Pamenepo chitseko cha kuchipinda chinatseguka. Asisi anatuluka pang'onopang'ono, anavula chijuzi chija, anachipinda bwinobwino, anagwira khoma n'kutsikira pa mkeka. Miyendo tambalale, manja pa maondo, mutu pansi, ngati kamtsikana. Imvi zikuoneka m'mbali mwa duku. Mimba poyera.

"Mwabwera bwino amayi. Yoyamba kufika apa ndi iyi. Ndilangizeni."

Mlangizi wamng'ono, a Lillian, anaphunzira katekisimu kwa asisi omwewa. Anagwada, kenako anaimba nthungululu imene inaimitsa agalu a mzere wonse. A Janeth anangoti "Mayo ine," n'kukhala pa mkono wa mpando.

Ndiye anandithamangitsa! Akuti wosabereka samva za pa mkeka. Mphindi yomweyo ndinali hule wa banja, tsopano ndine mwana. Ndinakhala pa chidebe panja kumvera nyimbo zawo. Potuluka a Janeth anandidutsa ngati mtengo wa mapeyala. Pepani sanamubweretse.

Lamlungu, 15 Juni

A Boaz akuti ndibwerere ku kwaya. Ndati mmero ukundiwawa. Uwawa mpaka a Janeth akalankhule pamene analankhula.

Lachiwiri, 1 Julayi

A Janeth masiku ano sachoka pakhomo pano, mpaka ndimabisa shuga. Masana asisi anati mutu ukuwawa, akuona timoto m'maso. Ine ndinathamangira Panado. A Janeth anayang'ana nkhope, anadina mwendo ndi chala, dzenje linatsala. Anandilanda mankhwala m'manja. "Iwe chitsiru, taxi! Mng'ono wanga anapita chonchi!"

Pakamwa pomwe paja. Anakalipira dalaivala, anakalipira mlonda wa pa geti ya chipatala, anakalipira mzere wonse mpaka unapatuka. Adokotala anati mwana atuluke lero lomwe, mwezi usanakwane, ndi mpeni. Alamu foni yosagwira, ali kumalire. Pa benchi tinatsala awiri. Iwo korona m'manja, ine osapemphera n'komwe, ndikungoti Mulungu musanditengere mayi kawiri.

Lachinayi, 3 Julayi

Ali moyo. Onse awiri.

Wamkazi. Ali m'kabokosi kagalasi, kachipewa kamene ndinagula kaja kakumufika m'mphuno. Zala ngati machesi, koma zikhadabo zilipo, zonse khumi, ndani anakhala pansi kuzisema? Asisi anawakankhira pa njinga ya odwala kudzamuona. Anayang'ana nthawi yaitali. Ati: "Akamadzalemba giredi 12 ine ndidzakhala ndi ndodo. Jessy, ukadzaona ndatopa..." Ndati khalani chete, mayunifomu ndikudziwa kuchapa, munandiphunzitsa ndinu.

Alamu afika ndi fumbi la mumsewu. Bambo wamkulu ndevu zoyera kulira pa galasi ngati mwana wa sukulu.

Lamlungu, 13 Julayi

Atuluka m'chipatala dzulo. Mwana sagona pa bedi, akuti azikhala pachifuwa pa munthu, khungu ndi khungu, kuti afunde. Timasinthana.

Sindinapite ku Misa. Gwen wandiuza kuti pa zolengeza a Janeth anaimirira osaitanidwa: "Zimene ndinanena za mwana wa mlamu wanga zinali zabodza." N'kukhala. Kwa ine sananene kanthu. Abwera masana ndi nkhuku, akuti ndaikazinga moipa.

Inali nthawi yanga yonyamula. Kamtima kaja ka ku Ndola kakugunda pa fupa langa, kampweya kofunda pakhosi. A Janeth anaima pakhomo la kuchipinda, manja atasamba kale, akuwapukuta pa chitenje, osapempha. Ndinawasiya aime pang'ono. Kenako ndinamasula nsalu.

"Khalani pansi anti. Mugwire mutu."

Shuga ndabweza pa shelefu. Za ku Chisokone sindidzazitchulanso, ngakhale muno.